Mmene mungasankhire lupanga lamtengo lophunzirira luso lakale la malupanga

Lupanga langa loyamba lamtengo linathyoka pa sabata yachitatu. Tinali awiriawiri mu holo, tikubwereza kamenyedwe kamodzimodzi: mnzanga amatsitsa lake kuchokera paphewa, ine n'kulilandira ndi langa. Sitinkamenya mwamphamvu ayi. Ndinangomva kuti thyo! ndipo chibenthu chotalika ngati mkono wanga, chosongoka ngati mkondo, chinadutsa pafupi ndi khosi la mnzangayo n'kukagwera kukhoma. Aphunzitsi athu anatola zidutswazo n'kundionetsa pothyokapo. Mizere ya mtengo sinkatsata utali wa lupanga, inkatulukira m'mbali chopendekera, ndipo vanishi wonyezimira ndi amene anandibisira zimenezi pogula. Kuyambira tsiku limenelo ndimasankha lupanga lamtengo monga mmene bambo anga ankasankhira mpini wa nkhwangwa: kulitembenuza, kuliyang'ana ndi diso limodzi, kuligogoda, kenako n'kufunsa za ndalama pomalizira.

Luso lomwe ndikunena pano ndi limene masiku ano limadziwika ndi dzina lakuti HEMA, kutanthauza kuphunziranso kamenyedwe ka malupanga ka ku Ulaya kuchokera m'zolemba zomwe akatswiri akale anasiya. Chakale kwambiri mwa zolembazi ndi cha m'ma 1300, chimatchedwa I.33, ndipo chimasungidwa ku nyumba yosungiramo zida zakale ya Royal Armouries mumzinda wa Leeds ku England. Lupanga lamtengo lophunzirira, Angerezi amalitchula kuti waster.

Poyambira: dziwani kaye chida chimene mudzaphunzire

Musagule kanthu musanakumane ndi amene adzakuphunzitseni. Safunsa anadya phula. Makalabu ambiri amabwereka ophunzira atsopano malupanga kwa masabata oyamba, ndipo ena salola n'komwe lamtengo, amafuna la nayiloni kapena lachitsulo chobuntha. Kalabu ikamatsata chiphunzitso cha Johannes Liechtenauer wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1300, kapena cha Fiore dei Liberi wa ku Italy yemwe analemba cha m'ma 1410, mufunika lupanga lalitali logwira ndi manja awiri, lija amati longsword. Ikamatsata I.33, mufunika lalifupi la dzanja limodzi pamodzi ndi kachishango kakang'ono kozungulira. Palinso dussack, kalupanga kakafupi kopindika komwe Joachim Meyer anafotokoza mu 1570. Kameneka ngakhale kale komweko kankapangidwa ndi mtengo kapena chikopa, ndiye mukapeza kamtengo mwagwira chenichenicho.

Pali cholakwika chimodzi chomwe ndachiona kangapo. Munthu amamva kuti pakufunika lupanga lamtengo, amathamangira kusitolo ya zamasewera n'kubwera ndi bokken, la ku Japan lija. Bokken ndi chida chabwino pa ntchito yake, ya masewera omenyana a ku Japan monga kendo, aikido ndi kenjutsu. Koma ndi lopindika, limayimira lupanga lakuthwa mbali imodzi, utali wake ndi masentimita 101 ndi theka, ndipo lilibe chopingasa chachitali, chija chimatchinga dzanja pamene chigwiriro chathera. Luso la longsword limagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri za lupanga, komanso chopingasa chimakola lupanga la mnzanu. Ndi bokken theka la phunziro silitheka.

Chachiwiri: vomerezani kuti mwagwira chibonga

Anthu ambiri amaganiza kuti poti ndi mtengo ndiye kuti palibe choopsa. Ine ndimaopa lamtengo kuposa lachitsulo chophunzirira. Lachitsulolo analipanga kuti lizipindika mukabaya nalo, mphamvu ina n'kuthera m'kupindikako. Lamtengo silipindika. Mukabaya nalo, mphamvu yonse ya thupi lanu imakathera panthiti kapena pakhosi pa mnzanu. Likagwera pachala limaphwanya fupa monga mmene chibonga chingachitire. Ku Japan nkhani imati katswiri wa malupanga Miyamoto Musashi anapha Sasaki Kojirō mu 1612 ndi lupanga lomwe anasema kuchokera ku nkhafi ya bwato.

Choncho ntchito za lamtengo ndi zitatu: kuyeserera panokha, kumenya mzati kapena tayala lopachika, ndi kubwereza mayendedwe ogwirizana kale ndi mnzanu pa liwiro lochepa. Kumenyana momasuka, aliyense akufuna kugonjetsa mnzake, si ntchito yake, ngakhale mutavala chigoba cha kumaso ndi magolovesi. Pa zobwerezabwerezazo chigoba muzivalabe. Zigoba za masewerawa zimalembedwa 350N kapena 1600N, kusonyeza kulimba kwa nsalu yotchinga pakhosi, ndipo chija cha 1600N ndicho cholimba kwambiri.

Dziwaninso chimene mtengo sungakuphunzitseni. Malupanga achitsulo akakumana amagwirana, ndipo pamenepo m'pamene Ajeremani akale ankaphunzitsa kumva m'manja ngati mnzanu akukankha mwamphamvu kapena mofooka, chomwe ankachitcha Fühlen. Amtengo akakumana amanjanja, aliyense n'kupita kwake. Zimenezi sizichotsa phindu lake pa mapazi, mtunda ndi njira ya lupanga mumlengalenga, koma mukakhazikika pa lusoli tsiku lina mudzafuna lachitsulo.

Chachitatu: mtundu wa mtengo

Chomwe mukufuna si kuuma kokha. Mukufuna mtengo womwe umalandira nkhonya n'kutiwizika pang'ono osang'ambika, ngati umene timafuna pa mpini wa nkhwangwa kapena wa hamala. N'chifukwa chake opanga ambiri amagwiritsa ntchito hickory wa ku North America, yemweyo wa mipini ya zida zogobera ndi zokumbira. Wotsatira ndi ash, yemwe ndi wopepukirapo. Ndodo za singlestick, masewera omenyana ndi ndodo a ku England omwe anafika mpaka pa masewera a Olimpiki a 1904 ku St. Louis, zinkakhala za ash. Ku Japan amakonda oak woyera wakwawo wotchedwa shirakashi. Chenjerani ndi malupanga otsika mtengo ongolembedwa kuti red oak popanda kunena kumene mtengowo wachokera: oak wofiira wa ku America ali ndi timabowo tambiri m'kati, ndipo amayamba kusosoka tizibenthu msanga.

Kwa amene muli kumudzi kuno kapena ku Zambia, kumene kuitanitsa lupanga kunja kumadya ndalama zambiri pa katundu wautali chonchi, funso ndi lakuti mitengo yathu ingathe kapena ayi. Paini musamuganizire n'komwe: ndi wofewa, ndi wodzaza mfundo, ndipo amathyoka mosachenjeza. Mbawa ndi wa mipando ndi zitseko, osati wa nkhonya. Mlombwa ndi wokongola, sapindika akauma, ndipo pa kuyeserera panokha amagwira ntchito bwino, koma sindingamudalire pomenyetsa malupanga awiri tsiku ndi tsiku. Bulugamu amasiyanasiyana, wokhwima ndi wouma bwino amapirira, wosakhwima amang'aluka ndi kupotoka. Tsanya ndi phingo ndi olemera kwambiri moti amamira m'madzi, lupanga lake limathyola dzanja komanso limadya lupanga la mnzanu. Phingo ndi wotetezedwanso, malonda ake akunja akhala pansi pa CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama zomwe zingathe, kuyambira 2017, ndiye tingomusiya. Gwafa ndi wolimba mokoma, ambiri timamudziwa pa mipini ya makasu, koma kupeza nthambi yowongoka yopitirira mita ndi ntchito.

Njira yachidule yomwe ndimaikonda ndi iyi: pitani ku hadiweya mukafunse mpini wa piki. Utali wake nthawi zambiri ndi masentimita 90, ndipo ena amakhala a hickory weniweni, amalembapo. Pa longsword ndi waufupi, koma pa lupanga la dzanja limodzi kapena dussack ndi wokwana, ndipo mtengo wake ndi wouma kale, wosankhidwira nkhonya.

Chinanso: malupanga awiri omenyetsana akhale a mtengo wamtundu umodzi. Wolimba amatafuna wofewa mpaka kutha.

Chachinayi: werengani mizere

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo musafulumire. Mtengo uli ngati mtolo wa luzi lalitali lomatidwa pamodzi. Luzilo likayenda kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga osaduka, lupanga limapirira. Likayenda chopendekera n'kutulukira m'mbali, pamalo pamenepo m'pamene lidzang'ambikire, ndipo silithyoka chodula ngati mzimbe, limang'ambika chosongoka, monga linachitira langa lija.

Tengani lupangalo mupite nalo poyera. Sankhani mzere umodzi pafupi ndi chopingasa n'kuutsata ndi chikhadabo kulowera kunsonga. Ukakufikitsani kunsonga, kapena pafupi, ndi bwino. Ukatha m'mbali musanayende chikhatho chimodzi kapena ziwiri, libwezeni. Chitani zimenezi kumbali zonse zinayi, osati kumaso kophwatalala kokha, chifukwa mizere ikhoza kuoneka yowongoka kumaso koma m'mphepete ikutsetsereka. Mukaona mizere yooneka ngati mivi kapena timapiri tosanjikizana pafupipafupi, ndiye kuti macheka anadula luzi chopingasa.

Kenako yang'anani kumapeto kwenikweni kwa chigwiriro, kumene mtengo unadulidwa. Pamenepo mumaona mizere ya zaka za mtengowo. Ndimakonda ikamayenda kuchokera ku mphepete imodzi yomenyera kupita ku inzake, monga mmene amisiri amafunira pa mpini wa nkhwangwa. Koma mukasowa langwiro pa zonse ziwiri, sankhani lomwe mizere yake yam'litali ndi yowongoka, chimenecho n'chachikulu.

Mfundo iliyonse pa mbali yomenyera ndi chifukwa chokwanira cholikanira, ngakhale ikhale yaing'ono ngati njere ya mapira. Mizere imazungulira mfundo, ndipo pozungulirapo imaduka. Timabowo tokhala ndi ufa ndiye kuti mtengo unafumbwa. Malo omatidwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu amaoneka ndi mtundu wosiyana pang'ono, muwafufuze ndi chala.

Tsopano tsinzinani diso limodzi, muike chigwiriro pafupi ndi tsaya n'kuyang'ana kunsonga ngati mukulozetsa mfuti. Litembenuzeni muyang'anenso. Lopindika kapena lopotoka lidzakuphunzitsani kudula mokhota, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa. Pomaliza ligwireni momasuka ndi zala ziwiri, mugogode nsonga pa simenti pang'onopang'ono. Lathunthu limalira kuti ngo, momveka bwino. Lokhala ndi mng'alu wobisika limalira mogonthera kapena monjenjemera ngati mphika wosweka.

Lopakidwa utoto wakuda kapena vanishi wochindikala moti mizere sikuoneka, lisiyeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukamagula pa intaneti, pemphani zithunzi za lupanga lenilenilo lomwe adzakutumizireni, mbali zonse ndi kumapeto. Wogulitsa wodziwa ntchito yake sadabwa ndi pempho lotere.

Chachisanu: utali, kulemera ndi pokhazikika

Longsword zakale zambiri zinali pakati pa masentimita 110 ndi 130 utali wonse. Muyeso wosavuta ndi uwu: muimike nsonga pansi pambali panu, mutu wa chigwiriro ufike cha m'khwapa kapena pansi pake pang'ono. Chigwiriro chilole manja anu awiri, ndipo pakati pawo patsale mpata wa zala zitatu kapena zinayi, poganiziranso kuti mudzavala magolovesi. La dzanja limodzi limakhala cha pa masentimita 90 mpaka 100.

Pa kulemera anyamata ambiri amasochera. Amafuna lolemera kwambiri poganiza kuti malupanga akale anali zimphona. Si zoona. Longsword yachitsulo inkalemera cha pa kilogalamu imodzi ndi theka, kuchepera kapena kupitirira pang'ono, ndipo la dzanja limodzi cha pa kilogalamu imodzi. N'zoona kuti Vegetius, mlembi wa Chiroma, polemba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 300, ananena kuti asilikali atsopano a Roma ankapatsidwa malupanga amtengo ndi zishango zoluka zolemera kawiri kuposa zenizeni, n'kumamenya mzati m'mawa ndi masana. Koma amenewo anali malupanga aafupi, ndipo cholinga chinali kukhwimitsa msilikali. Inu amene mukuphunzira njira ya lupanga lalitali, kulemera kopitirira kumangokupweteketsani chigongono ndi phewa, n'kukuzolowezani kuponya thupi lonse pamodzi ndi lupanga. Longsword yamtengo yolemera cha pa kilogalamu imodzi ndi yokwana. Musadalire kuyeza ndi dzanja, ikani pa sikelo.

Kuposa kulemera, onani kumene kulemerako kwakhala. Gonekani lupanga pa chala chimodzi, musunthe mpaka litakhazikika osagwera mbali iliyonse. Pa lachitsulo malo amenewa amakhala cha pa masentimita 10 kuchokera pachopingasa. Amtengo ambiri amakhazikika patsogolo kuposa apo chifukwa alibe chitsulo cholemera kumutu kwa chigwiriro. Mpaka masentimita 15 ine ndimalandira. Kupitirira apo limayamba kukoka dzanja ngati khasu. Lopangidwa bwino limayamba lochindikala pafupi ndi chopingasa n'kumaonda kulowera kunsonga. Lofanana kukula kuyambira pansi mpaka pamwamba ndi thabwa chabe.

Ngati pali malo, lizunguzeni kangapo, mudule kuchokera paphewa n'kuimitsa nsonga pa msinkhu wa nkhope. Likakana kuima, likukutsogolerani ndilo, si lanu.

Chachisanu ndi chimodzi: chopingasa, mphepete ndi nsonga

Thupi la lupanga ndi chigwiriro zikhale mtengo umodzi wosalumikiza. Chopingasa chokha ndicho chimakhala chidutswa china, cholowetsedwa n'kukhomeredwa ndi tizikhomo tamtengo ndi guluu. Misomali ndi masikuluwu ayi: mtengo ukadyeka chitsulocho chimatulukira n'kung'amba dzanja la munthu. Chigwedezeni chopingasacho, chisasunthe, ndipo nsonga zake zikhale zoburungika. Chigwiriro chikhale chobulungira motalika ngati dzira, osati ngati paipi, kuti dzanja lizidziwa lokha kumene mphepete yaloza. Mphepete zikhale zoburungika ndi zonenepa, chifukwa zosongoka zimasosoka msanga ndipo zimatema khungu. Nsonga ikhale yobuntha, yotakata ngati chala chachikulu kapena kuposerapo.

Mukapita kwa kalipentala

Nditapita kumudzi chaka china ndinkafuna awiri oti ndiziyeserera ndi mphwanga, ndipo ndinaphunzira kuti kufotokoza ndi pakamwa sikukwanira. Jambulani lupanga lonse pa katoni pa muyeso wake weniweni, mulidule, mupite nalo. Thabwa musankhe nokha pamulu, mwa njira ya mizere ija, ndipo likhale louma ndithu. Laliwisi limapindika pakangotha mwezi. Ngati pali chipika chowongoka, kuching'amba kumaposa kucheka, chifukwa mng'alu umatsata luzi lokha.

Amisiri amene ndinawapeza anagwira ntchito yaukhondo, koma atamaliza anatenga chitini cha vanishi. Ndinati, "Pepani amisiri, vanishi musapake." Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Nanga likongola bwanji, achimwene? Anthu adzati ndani wapanga chimenechi?" Ndinawakumbutsa za mpini wa khasu, kuti wopaka vanishi umatulutsa matuza ndipo umaterera ndi thukuta. Anaseka, n'kubweza chitinicho pa shelefu. Mfundo ina yoti muwauze momveka ndi ya mphepete, chifukwa mmisiri aliyense akamva kuti lupanga, dzanja lake limafuna kunola. Auzeni kuti mukufuna lobuntha dala. Chidutswa cha thabwa lomwelo chikatsala, chimenyetseni pa chitsa kangapo muone mmene chikuswekera musanalole mnzanu kuima patsogolo pa lupangalo.

Mafuta, kasungidwe ndi tsiku lolisiya

Likabwera ndi vanishi wopyapyala koma mizere mwaiona kuti ili bwino, mupaleni ndi sandipepala. Kenako pakani mafuta a linseed ophika, omwe amagulitsidwa m'mahadiweya. Pakani pang'ono ndi kansalu, dikirani mphindi 20, pukutani otsala onse, lisiyeni tsiku lathunthu. Bwerezani katatu kapena kanayi, ndipo pambuyo pake muzipaka mukaona kuti mtengo wayamba kutuwa. Mafuta ophikira musagwiritse ntchito, sauma ndipo amanunkha akakhalitsa. Nsalu zomwe mwapakira linseed musaziunjike pamodzi: mafutawa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsalu zotere umatha kuyaka wokha. Ziyanikeni chotambasula panja kapena muziviike m'madzi.

Posunga, ligonekeni pamalo osalala kapena mulipachike choimirira. Kulitsamiritsa pakona kwa miyezi kumalipinda. Lisakhale padzuwa, m'galimoto yotsekedwa, pafupi ndi mbaula kapena hita, ndiponso lisagone pansi pamene chinyezi ndi chiswe zingalipeze.

Musanayambe phunziro lililonse, yendetsani kansalu m'mphepete monse. Pamene pakola ulusi pali kachibenthu, pakwecheni ndi sandipepala mpaka pasalale, n'kudonthezapo mafuta. Kutiwizika kwa apa ndi apo ndi kwabwinobwino, hickory amakhala nako kwa zaka. Mng'alu wotsata utali ndi nkhani ina. Musaukulunge ndi tepi n'kupitiriza, chifukwa tepiyo amangobisa mng'alu womwe ukukulabe pansi pake. Ine ndikaupeza ndimatenga sowo tsiku lomwelo n'kulidula pamng'alupo, kuti wina asadzalitole pakona n'kulowa nalo mu holo. Chidutswa chakuchigwiriro chikatsala chabwino, ndimachiburunga kunsonga n'kukhala mpeni wamtengo wophunzirira, wa masentimita 35 kapena 40, womwe mu luso la Fiore umafunika kuyambira masiku oyambirira.